Utoto Wofiira m'Fosa ya Alamu

Mudzi wa Chilumba suli panyanja ayi. Uli kumtunda kwa Lifidzi, pakachitunda kamene mtsinje unakakumbatira mbali ziwiri, mbali yotsalayo n'kukhala dambo. M'chilimwe munthu amangodumpha miyala n'kufika. Koma mvula ikakhazikika, dambo limadzaza, mtsinje umafufuma, ndipo njira imatsala imodzi yokha: chimtengo cha bulugamu chimene anachigoneka pamadzi. Mabanja a pamenepo ndi ochepa, onse a mbumba imodzi, ndipo onse amamwa chitsime chimodzi, kumunsi kwa nyumba, pafupi ndi madimba.

Leonor anabadwira pomwepo, ndipo anakulira pomwepo mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'mpango. Ntchito yake inali yoluka mikeka. Ankagula mlaza kwa amalonda ochokera kumunsi kotentha, n'kuuphika mu utoto waufa wa m'timapepala, wofiira, wobiriwira, wachikasu, kenako n'kukagulitsa mikekayo pamsika wa pa Kalomwe. Manja ake anali aluso, koma pakamwa pake mpamene panali potchuka. Amuna ake, a Pita, anali munthu wa mawu ochepa, woseka ndi maso okha. Anthu ankati a Pita analankhula zonse tsiku la ukwati, zotsala anasiyira mkazi.

Chaka chimenecho madzi a pachitsime anasintha. Ankamveka kafungo, m'mawa ankakhala ndi kathovu m'mbali, ndipo ana anayamba kutsegula m'mimba mosinthana. Zimbudzi zokumba nazo zinali zitadzaza madzi mpaka pakamwa, pakuti pa Chilumba ukakumba kufika m'chiuno, wakumana nawo madzi.

Leonor sanavutike kufunafuna wolakwa. Wolakwa anali alamu ake, a Victorino, amuna a mng'ono wake Verónica. A Victorino anali mmisiri womanga, ndipo anakhala zaka zambiri kuzilumba za kunyanja yamchere akumanga nyumba zogona alendo. Pobwerera kumudzi anabwera ndi njinga yamoto imene ankaitcha mota, chipewa chachikulu cha udzu, ndiponso chimbudzi choyera mbee, chokhalapo ngati mpando, chimene anachimanga m'nyumba mwenimweni. Kuseri kwa nyumba anakumba fosa, thanki ya simenti yokwirira pansi, mmene zonse za m'chimbudzimo zinkapita. Kuyambira pamenepo nkhani iliyonse, kaya ya mbuzi kaya ya maliro, a Victorino ankaiyamba ndi mawu akuti, "Kuzilumba kuja timachita motere."

"Munthu wamkulu, kudzithandiza m'nyumba mmene mkazi akusungiramo ufa!" Leonor ankatero pamaso pawo. "Alamu, nyanja inakulowani m'mutu. Ine Leonor, tsiku limene ndidzakhale pachimpando chanucho, mudzandimete mpala."

"Lumo ndasunga kale, alamu," a Victorino ankayankha motero akuseka, chifukwa pachilamu anthu amatukwanizana popanda mlandu.

Tsiku lina kunabwera Cátia, mtsikana wa ku posito ya zaumoyo amene ankayendera midzi pa nkhani zaukhondo. Anawoloka chimtengo chija nsapato zili m'manja, n'kusonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Makolo anga, malo anuwa ndi ochepa, ndipo madzi ali pafupi," anatero. "Chilichonse chimene mwataya chilibe kopita. Chimangozungulira n'kubwerera m'ndowa zanu. Choncho banja lililonse lisankhe njira. Madzi a kubafa ndi otsukira mbale, mutha kuwakumbira dzenje losaya, kuthiramo miyala ndi mchenga, n'kubzala nthochi m'mbali kuti zizimwa madziwo. Kapena kuwadutsitsa m'ngalande ya mabango."

"Kuzilumba kuja..." a Victorino anayamba.

"Tikudziwa, alamu, nsomba zimasamba ndi sopo," Leonor anawadula. Anthu anaseka.

Cátia anapitiriza osaseka, ngakhale masaya ake anagwedera. Anati za chimbudzi, chokumba pansi chaiwalike. Chilipo china chomanga pamwamba, chokwera masitepe, cha zipinda ziwiri: umathira phulusa ukatha, chipinda china chikadzaza umatseka n'kusamukira kwinako, ndipo pakapita nthawi zam'katimo zimasanduka manyowa ouma. Amene ali ndi simenti ndi madzi okwanira akhoza kumanga fosa, bola madzi otuluka mmenemo akhale ndi posefedwa.

"Koma choyamba tidziwe madzi amene akuwononga chitsime akuchokera kwa yani," anatero.

"Zimenezonso n'zofunsa?" Leonor anatero, n'kuloza ndi mlomo nyumba ya alamu ake. "Tonse tinakula tikumwa chitsimechi. Chayamba liti kununkha? Si chibwerere mpando woyera?"

"Fosa yanga sidontha ngakhale kadontho," a Victorino anadziguguda pachifuwa. "Ndinaimata ndi manja awa."

Cátia anati adzabwera ndi anthu oyeza madzi ochokera ku Ulongwe misewu ikauma. Anthu anabalalika osagwirizana kanthu. Koma Leonor sanali munthu wodikira misewu.

Nzeru inamubwerera ali pa ntchito yake. Akuvuula mlaza mumphika, utoto pang'ono unatayikira m'kangalande ka pabwalo, ndipo iye anauona ukuyenda, ukukhota, ukutsata madzi mpaka kuseri kwa nkhokwe. Anaima chilili, mthiko uli m'manja, n'kumwetulira yekha. Madzi alibe pakamwa, koma utoto umalankhula. Atathira wofiira m'chimbudzi cha alamu, chitsime n'kufiira, ndani angatsutse?

Vuto linali limodzi. Fosa inali yotseka ndi simenti. Khomo lolowera linali lomwe lija analumbira kuti sadzalipondamo.

Loweruka m'mawa anaphika chimphika chodzaza cha utoto wobiriwira, ananyikamo mlaza, n'kuchisiya pakhonde kuti chizizire. Kenako anamanga timapepala tonse ta utoto wofiira pansonga ya nsalu yake, anagwira pamimba, anapinda msana, n'kuyamba ulendo wa kwa mng'ono wake akubuula pang'onopang'ono.

A Victorino anali pakhonde akumwa tiyi ndi mbatata.

"Verónica, mng'ono wanga," Leonor anaitana ndi mawu ofooka, "m'mimba mwandipotokola. Chimbudzi chathu chadzaza madzi, ndipo kuthengo sindifikako."

A Victorino anaika kapu pansi mosamala ngati mazira. Anaimirira, anavula chipewa chija, n'kuchigwira pachifuwa.

"Verónica, tulutsa lumo," anatero. "Tsiku lija lafika."

"Musamuseke, akudwala," Verónica anawakalipira, koma nayenso ankaluma mlomo.

A Victorino anamuperekeza mpaka pakhomo la kachipindako ngati akuperekeza mkwatibwi. Anamuonetsa pokhala, ndi kumuuza kuti akatha akoke kachitsulo ka pambali. Leonor anatseka chitseko, anamasula nsonga ya nsalu, n'kung'amba timapepala tija kamodzi ndi kamodzi. Ufa unagwera m'madzi, madzi n'kuchita psuu, kufiira ngati pophera ng'ombe. Mtima wake unavina. Ndiye anakoka kachitsulo kaja.

Palibe anamuchenjeza za phokoso. Madzi anakhuthuka mokokoma ngati mtsinje wathyola mlatho, ndipo Leonor analumpha n'kugunda mutu kuchitseko. Madzi ofiira anazungulira, anathovokera m'mbali, ena anadontha pansi, kenako zii. Ambiri anapita, inde, koma mpando woyera uja unatsala wofiira mkati monse. Anakokanso kachitsulo. Kanangolira kuti kwee, madzi osatuluka, pakuti kathanki kake ankachita kuthiramo ndi ndowa. Anayesa kupukuta ndi dzanja, dzanja linafiira. Anayesa ndi nsalu, nsalu inafiira. Pamene ankapukuta thukuta, nkhope nayo inalandirako gawo lake.

"Mana, muli bwino?" Verónica anaitana mkulu wake akugogoda, atamva kugunda kuja. Poona kuti sakuyankhidwa, anakankha chitseko.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumadimba. "Magazi! Mayo ine, magazi! Mkulu wanga akufa!"

Leonor anali ndi kanthawi kochepa kosankha. Akanatha kunena zoona pomwepo, alamu ake ali kumbuyo kwa Verónica, maso ali tong'o. Kapena akanatha kudwala. Anayang'ana nkhope ya a Victorino, anaganiza za mmene nkhaniyi ikakambidwire pa Kalomwe, pa Domwe, mwinanso mpaka kuzilumba. Ndiye anatembenuza maso, anatsamira khoma, n'kutsetsereka mpaka pansi.

"Kamwazi ameneyu," a Victorino anatero. "Ndinaonapo munthu atapita naye tsiku limodzi. Tiyeni ku posito!"

Nthawi ya mvula mota yawo inkagona kutsidya, kwa mnzawo. Choncho anagwada, Verónica anawathandiza, n'kumubereka Leonor kumsana. Anthu anatuluka m'nyumba, azimayi atagwira m'mutu. A Pita anafika kuchokera kudimba, khasu lili paphewa. Anayang'ana manja a mkazi wawo, anayang'ana nsonga ya nsalu, anaweramira pafupi ngati akununkhiza. Leonor anatsegula diso limodzi. Maso awo anakumana.

"Pitani naye, mbale wanga," a Pita anatero modekha. "Ine ndiyang'anira pakhomo."

Pachimtengo paja panali poterera, ndipo Leonor sanali munthu wopepuka. Pansi madzi ankathamanga, ofiirira ndi dothi. A Victorino ankasuntha phazi limodzi, kupuma, kusuntha lina. Leonor ankamva msana wawo ukunjenjemera, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo ankawamva akupemphera chapansipansi m'Chipwitikizi. Atafika pakati anaima kuti apume.

"Alamu, musafe," anatero mwa wefuwefu. "Mukafa ndizikangana ndi yani? Enawa amangondivomera."

Apa manyazi anamugwira Leonor, moti anatsala pang'ono kuulula. Koma anaganiza kuti munthu amene wakubereka pakati pa mtsinje si wouza nkhani zodabwitsa. Anangogwiritsa khosi lawo n'kubuula.

Ku posito kunali mzere wa anthu, koma ataona kufiira kuja onse anapatuka. Anamugoneka kuseri kwa katani. Namwino, mayi wamkulu wa magalasi, anatulutsa achibale panja, n'kuitana Cátia kuti amuthandize. Anamugwira pamkono, anamuyang'ana m'maso, anamukanikiza pamimba. Kenako ananyowetsa thonje n'kupukuta chikhatho. Thonje linafiira, koma kufiira kwake kunali kowala, kokongola, koyenera mkeka wa paukwati.

Cátia anatenga thonjelo, analiyang'ana pawindo, n'kulinunkhiza.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "magazi anuwa ndi amene amagulitsa m'timapepala pa Kalomwe?"

Leonor anadzuka n'kukhala tsonga. Anafotokoza zonse mofulumira, monong'ona, akuyang'ana kukatani. Cátia anatseka pakamwa ndi nsalu yake, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika. Koma namwino sanaseke.

"Panjapo pali mwana wotentha thupi, pali mayi wapakati," anatero. "Onse akupatukirani inu. Msinkhu wonsewo, mulibe manyazi?"

"Ndili nawo, amayi. Ambiri. Koma chonde, alamu angawo asamve."

Namwino anasungunula madzi a mchere ndi shuga m'chijagi chachikulu, n'kumupatsa. "Za wodwala sitiuza anthu. Koma poti mwabwera ngati wotsegula m'mimba, imwani onsewa. Ndikuyang'anani."

Leonor anamwa mpaka mimba inalira ngati ng'oma. Akutuluka, Cátia anamunong'oneza: "Njira yanu ndi yoipa, koma funso lanu ndi labwino. Utoto wapita kale. Tiyeni tione kumene ukatulukire."

Chilango chenicheni chinali kunyumba. Verónica anasamukira pakhomo pa mkulu wake n'kudziika kukhala dokotala. Anamugoneka pamkeka, anamufunditsa mabulangete awiri, n'kulamula kuti wodwala kamwazi adye phala lamadzimadzi basi. Anthu obwera kudzazonda ankabweretsa mazira, nthochi, wina anabweretsa nkhuku, ndipo zonse zinkadyedwa pakhonde ndi a Pita ndi a Victorino, fungo likulowa pawindo.

"Bambo a Nélia," Leonor anawaitana amuna ake Verónica atapita kukatunga madzi, "ndibisireniko ntchafu imodzi."

"Munthu wodwala chonchi, ntchafu? Make Nélia, mukufuna kundisiya ndekha?"

"Mukudziwa bwino kuti sindikudwala."

"Ine sindidziwa kanthu. Ine ndi mlimi."

"Chabwino. Kuchitsime kuli bwanji?"

"Kuli madzi."

"Amtundu wanji?"

"Amadzi."

Leonor anakukuta mano. Kenako anakumbukira. "Nanga mphika wanga wa utoto wobiriwira?"

"Mlaza ndinaanika. Madzi akewo ndinataya kubafa kwathu. Ndimafuna mphikawo."

"Utoto wonse uja! Mumafuna mphika wa chiyani?"

A Pita anakanda kumutu, ngati akuyesa kukumbukira, n'kutuluka.

Phokoso linamveka m'mawa wina dzuwa litangotuluka. Linachokera kumunsi, kuchitsime: mawu a azimayi, ndowa zikugwa, wina akuitana anthu kuti adzaone. Leonor anataya mabulangete. Anaiwala kubuula, anaiwala kupinda msana, anatuluka ngati mbuzi yodula chingwe. Anadutsa Verónica amene ankasesa pabwalo, anadumpha kangalande, anapitirira a Victorino amene ankatsetsereka akumanga lamba.

"Ndinanena ine!" ankakuwa akuthamanga. "Ndinanena! Bwerani mudzaone ntchito ya mpando woyera!"

Azimayi anamupatukira. Pakati pawo panali ndowa yongotungidwa kumene. Leonor anasuzumiramo.

Madzi anali obiriwira. Osati kubiriwira kwa ndere ayi, koma kowala, ngati masamba a mpiru wothiridwa manyowa. Pa Chilumba ponse mtundu umenewo unkapezeka pamalo amodzi okha, ndipo mlaza wake unali ukadali pachingwe, pakhomo pa Leonor, ukuonekera kuchokera pachitsime pomwepo. Mitu yonse inatembenukira kuchingweko, kenako kwa iye.

Verónica anafika, tsache lili m'manja. Sanayang'ane ndowa. Anayang'ana miyendo ya mkulu wake, imene inali itangothamanga mtunda wonsewo.

"Mana," anatero pang'onopang'ono, "mwachira?"

Leonor anayesa kugwira pamimba, koma dzanja linakana lokha.

"Mumayembekezera mtundu wanji?" Verónica anapitiriza. Anaima kaye, nkhope ikusintha. "Magazi aja. Mpando wanga mpaka lero sunayere, ndakwecha ndi phulusa, ndakwecha ndi mchenga. Magazi a munthu amakana phulusa? Mana! Ndakuphikirani phala masiku onsewa!"

A Victorino anayang'ananso madzi obiriwira aja. Kenako anabwerera kumtunda, n'kutenga khasu la a Pita. Anthu onse anawatsatira mpaka kuseri kwa bafa ya Leonor, kampanda ka udzu kamene madzi ake ankangotayikira pansi n'kusowa. Leonor ankanyadira zimenezo kuyambira kale, kuti kubafa kwake sikudikha madzi ngati kwa anzake. A Victorino anakumba kawiri katatu, khasu n'kulowa lokha. Pansi panali una wa mfuko, waukulu ngati mkono wa munthu, makoma ake ali biriwiri, wolunjika kumunsi. Anakumbanso patsogolo, anaupeza. Patsogolo penanso, anaupeza. Mfuko zinali zitamumangira Leonor paipi yaulere, yotengera madzi ake osamba, ochapira ndi otsukira miphika mpaka pafupi ndi chitsime.

A Victorino anataya khasu. Kuseka kunawayamba m'mimba, kunakwera, mpaka anakhala pansi m'matope.

"Ndinakuberekani!" ankatero akupukuta misozi. "Pachimtengo paja! Ndinapemphera kwa oyera onse amene ndimawadziwa, ena ndinachita kuwapeka mayina! Msana mpaka lero sukuwongoka!"

Leonor anafunafuna amuna ake ndi maso. Anali kumbuyo kwa anthu, manja ali kumsana.

"Inu," anatero. "Mumafuna mphika."

"Ndinangoti, poti tikuyesa, tiyese konse," a Pita anayankha. Ndipo tsiku limenelo anthu anawaona akuseka ndi mano.

Cátia anabwera mawa lake. Chitsime anachikapa mpaka pansi, anathiramo mankhwala, ndipo analamula kuti madzi akumwa aziwiritsidwa mpaka ntchito itatha. Una wa mfuko anautseka ndi dongo ndi miyala. Leonor anakhala chete masiku angapo, chinthu chimene sichinachitikepo. Ankapita kudimba m'mawa anthu asanadzuke bwino, ndipo akakumana ndi ana ankamva akunong'onezana kuti, "Amayi a magazi a m'pepala." Verónica sanamulankhule mpaka Leonor atapita yekha ndi mchenga wa kumtsinje kukakwecha mpando uja, atagwada, chitseko chili chotsegula kuti aliyense aone.

Koma utoto wofiira unali usanalankhule. Tsiku lina Leonor akudutsa m'mphepete mwa dimba la mng'ono wake, anaona chinthu m'ngalande ya pakati pa mizere ya kabichi. Anawerama. Madzi ake anali ofiirira, ngati a nyemba zophika, ndipo ankasefukira kuchokera kumtunda, kumene kunali fosa. Anatsata ndi maso: ngalandeyo inkatsikira kudambo, kumene ana ankagwira nkhanu.

Ulendo uno sanakuwe. Anapita kwawo, anasamba, anavala nsalu yatsopano, n'kukagogoda kwa alamu ake mwaulemu wonse.

"Alamu, ndabwera kudzayamikira kabichi wanu. Wanenepa zedi chaka chino. Tiyeni mukandionetse chinsinsi chake."

A Victorino anaima nthawi yaitali pangalandepo, chipewa chili m'manja. Thanki yawo sinkadontha, zimenezo ananena zoona. Koma paipi yotulutsa madzi anangoilozetsa pansi monga ankachitira kuzilumba, kumene mchenga ndi wakuya ndipo umamwa chilichonse. Kuno pansi ndi dongo, ndipo dongo linangowabweza madziwo.

"Kuzilumba kuja..." anayamba, n'kusiyira pomwepo.

"Pitirizani, alamu. Ndikumvetsera."

Msonkhano wachiwiri pansi pa mtengo wa mapichesi unali waufupi, chifukwa aphunzitsi awiri a mudziwo, Leonor ndi a Victorino, onse anali atatsitsa mapewa. Banja lililonse linasankha. Ena anatenga dzenje la nthochi, ena a kumphepete kwa dambo anatenga ngalande ya mabango poti mabango anali pakhomo. A Victorino anasunga fosa yawo, koma anavomera kumanga chimkhwawa cha miyala ndi mabango kumapeto kwa paipi, kuti madzi azituluka atasefedwa. Leonor anasamutsira bafa kumbali ina ya chitunda, kutali ndi chitsime, ndipo nthochi anasankha yekha, za mtundu waufupi zimene mphepo ya kumtunda siigwetsa.

Pa chimbudzi chokwera pamwamba mpamene anadzutsanso mutu.

"Ndizikwera masitepe mudzi wonse ukuona kumene ndikupita? Ana aziwerenga kuti lero agogo akwera kangati?"

"Khomo tilozetsa kudambo, amayi," Cátia anatero. "Okuonani akhala achule."

"Kapena muzibwera kwathu," a Victorino anawonjeza. "Njira mukuidziwa."

Leonor anasankha masitepe nthawi yomweyo.

Amene anachimanga anali a Victorino omwewo, mvula itatha, ndi njerwa zimene a Pita anaumba. Ankagwira ntchito akudandaula za msana, ndipo nthawi iliyonse akafuna njerwa yakutali ankati, "Alamu, ndinu amphamvu, ndinaona mmene mumathamangira." Leonor ankangonyamula. Chimbudzi chinatha chokongola, chofolera ndi malata, ndi kachidebe ka phulusa pakona. Fungo munalibe, ntchentche munalibe, ndipo madzi a pachitsime anali atabwerera mwakale. Komabe Leonor anachizemba masiku angapo, akuchiyang'ana cham'mbali ngati mlendo amene sanamuitane.

M'mawa umene anakwera koyamba, anatuluka n'kuima pasitepe yapamwamba kuti amange bwino nsalu. Atadzutsa mutu, anangoti kakasi. Kuchokera pamenepo munthu ankaona zonse: chimtengo chowolokera ndi aliyense wobwera kapena wopita, madimba onse, ndipo pamwamba pa mpanda wa alamu ake, bwalo lawo lonse ngati pachikhatho. Nthawi yomweyo a Victorino anali kuseri kwa khola, akuyang'ana uku ndi uku, akutulutsa kabotolo pansi pa udzu wa denga. Verónica anali atawaletsa kachasu chifukwa cha msana womwewo.

Leonor anadikira mpaka botolo litafika pakamwa.

"Mwadzuka bwanji, alamu!" anafuula ndi mawu onse. "Mankhwala a msana amenewo?"

A Victorino anatsamwa, anakhosomola, anazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu akufunafuna kumene mawu achokera. Verónica anatulukira pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja.

Madzulo a tsiku lomwelo a Victorino anabwera kwa a Pita, nkhope ili yakugwa, kudzafunsa ngati angapeze kuti nsungwi zazitali zokwezera mpanda. A Pita anaganiza kwa kanthawi, n'kunena kuti nsungwi zabwino zili kutsidya, koma chaka chino n'zazifupi.